Phazi Linali Kunja

Kwathu ku Warrabin, mwamuna akapuma pantchito amalowa Kalabu ya Lachisanu, apo ayi amadya yekha. Timakumana nthawi ya nkhomaliro m'chipinda cham'mwamba cha hotela yoyandikana ndi njanji, anthu makumi anayi kapena kupitirirapo pang'ono, ambiri mwa ife opuma ku mgodi wa malasha. Timadya nyama ya nkhosa ndi mbatata, kenaka mlendo amaimirira kutiuza za ragibi. Wina anasewerako ku Sydney, wina anaphunzitsapo timu, wina amangodziwa kukometsa bodza.

Tili ndi mwambo. Wofuna kulowa amaika dzanja pa mpira wakale umene timasunga m'bokosi lagalasi, n'kunena mokweza kuti, "Phazi linali mkati." Tonse timamenya masupuni pa matambula, basi walowa. Mpirawo ndi wa ndime yomaliza ya chikho cha ragibi mu 1988, tsiku limene Darryl Kostic wa timu yathu ya Akhwangwala anathamanga m'mphepete mwa bwalo n'kukagwera ndi mpira kuseri kwa mzere kutatsala mphindi imodzi. Wa mbendera sanakweze mbendera yake. Koma woyimbira mpira analiza wezulo, nati phazi la Darryl laponda mzere wa kumbali, chigoli palibe. Chikho chinapita ku timu ya Gundara imene tinkasewera nayo, ndipo sichinabwerenso kwathu.

Woyimbira mpirayo ndi alamu anga, a Lindsay Treloar, amuna a malemu mlongo wanga Glenys.

Kumapeto kwa tebulo lalitali kuli mpando umene sipakhala munthu. Lachisanu lililonse amayalapo mbale, pambalepo amaikapo magalasi a maso okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo pampandopo amatsamiritsapo ndodo yoyera ya akhungu. Ndi mpando wa alamu anga. Ine ndakhala ndikudya moyang'anana ndi mpandowo zaka khumi ndi ziwiri, osanena kanthu.

Glenys anatisiya mu Juni, kukuzizira. Ali m'chipatala anandigwira malaya nati, "Merv, usamusiye azidya yekha. Sadzakupempha, umamudziwa." Mu Ogasiti ndinapita kwawo ndipo ndinapeza alamu akudya nyemba za m'chitini ataimirira pa sinki, chipewa chili kumutu. Mbale ziwiri zinali pa tebulo, zouma, zosagwiridwa.

"Alamu, mubwere Lachisanu," ndinatero.

"Kukadya ndi anthu amene amandiyalira ndodo?"

"Mawu ndi atatu okha. Muwanene, mudye, muzipita. Inenso ndinawanena."

Anapukuta supuni pang'onopang'ono. "Inuyo munaliona phazilo?"

Ndinayang'ana mbale zija. Iwonso sanandikakamize. Anangofunsa ngati kalabuyo ili ndi malamulo olembedwa. Ndinati alipo, kabuku kachikasu kamene amapatsa aliyense tsiku lolowa, koma sindinamvepo kuti wina anakawerenga. Kanga kanali m'kabati limodzi ndi makiyi a nyumba zimene tinasamukamo kalekale. Anati ndiwabweretsere, ndipo mawa lake ndinawabweretsera.

Lachinayi anandiimbira foni. "Mundilembetse. Mlendo wa mawa ndani?"

"Darryl Kostic. Akuchokera ku Queensland."

"Zakhala bwino," anatero.

Lachisanu anavala jekete ndi tayi, nsapato zopolisha. Tikukwera masitepe ndinkamva phokoso la m'mwambamo, koma titalowa linatha ngati wina wazimitsa wailesi. Woyamba kupeza mawu anali wapampando wathu, Terry Costigan, amene kale ankagulitsa nyama, mmodzi mwa amene anayambitsa kalabuyi ali anyamata, ndipo mu 1988 anali m'bwalomo, mphuno itasweka.

"Merv, iwe ulibe chisoni? Wasiya mdalayu akwere masitepe popanda womugwira dzanja?"

Chipinda chonse chinaseka. Wina anakweza foloko m'mwamba. "Bambo Treloar, ichi ndi foloko. Mbale ili kutsogolo kwanu, mkati mwa mzere!"

"Ndaiona, zikomo," anatero alamu. "Ndaonanso kuti tayi wanu wamira mu msuzi."

Anakhala pambali panga monga mlendo wanga. Mpando wawo uja sanauyang'ane n'komwe. Anadya nyama yonse, n'kupukuta msuzi ndi buledi, ndipo ine poona zimenezo mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinkapemphera kuti akangonena mawu atatuwo, ngakhale monong'ona, nkhani ithe.

Darryl anaimirira atatsamira tebulo chifukwa cha bondo lachitsulo. Mimba inali itakula, tsitsi litapita, koma pakamwa panali pomwe paja. Nthawi yoyamba imene ndinamva nkhani ya chigolicho, anathamanga mamita makumi anayi n'kuzemba anthu awiri. Tsiku limeneli anathamanga makumi asanu ndi awiri, nazemba asanu, mmodzi wa iwo kawiri. Atafika pa wezulo anaima, naloza alamu ndi tambula.

"Ndipo si uyu, anzanga? Ndimayesa anafa! Lindsay, mdala, wabwera kudzabweza chikho chathu?"

"Ndabwera kudzadya, Darryl. Nkhani yako yanenepa ngati mwini wake."

Darryl anaseka mpaka kutsokomola. Terry sanaseke. Anatsegula bokosi lagalasi, natulutsa mpira uja, wakuda ndi ukalamba, wophwa mbali imodzi, nauika pakati pa tebulo.

"Tili ndi wofuna kulowa," anatero. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi takhala tikudikira tsiku lino. Bambo Treloar, mwambo mukuudziwa. Amene muli ndi mafoni ojambula, jambulani."

Alamu anaimirira, namanga batani la jekete. Anaika dzanja pa mpirawo, naupapasa ngati munthu wopeza galu wake amene anasowa. Masupuni makumi anayi anali m'mwamba, akudikira.

"Phazi linali kunja," anatero.

Masupuni sanalire. Kunalira mipando. Wina anaponya nyenyeswa ya buledi, wina anakuwa kuti, "Atuluke! Wakhungu atuluke!" Terry anafiira mpaka m'makutu.

"Nenaninso bwino, mdala. Mwina makutu anga ndi amene akalamba."

"Linali kunja, Terry. Chidendene cha kumanzere. Laimu wa pamzere anafuka, ndinamuona. Wa mbendera anali atatsekerezedwa ndi msana wako, iwe ukuthamanga mochedwa monga mwa nthawi zonse."

"Lindsay, ndinali mkati!" anakuwa Darryl. "Ndikulumbira pa manda a amayi anga!"

"Unkayang'ana kutsogolo, Darryl, monga wothamanga wabwino aliyense. Woyang'ana phazi lako ndinali ine."

Terry anamenya tebulo ndi chikhatho. "Zatha. Wokana mawu salowa, ndipo wosalowa sabweranso. Merv, mlendo ndi wako, mutsitse masitepe. Ndipo iwenso uganize bwino za amene umabwera nawo muno."

Ndine munthu wochedwa kulankhula. Ku mgodi ankandiseka kuti ndikayamba moni Lolemba ndimamaliza Lachitatu. Ndinaganiza za Lachisanu langa, za anzanga amene ndinagwira nawo ntchito zaka makumi anayi pansi pa nthaka, za mkazi wanga amene amakondwa kuti tsiku limodzi pa sabata saphika. Kenaka ndinaona m'maganizo mbale ziwiri zija zouma pa tebulo la mlongo wanga. Ndinaimirira.

"Ine sindinalione phazilo," ndinatero. "Ndinali kogula soseji kuseri kwa mipando. Ndinangomva mfuu. Tsiku lolowa ndinanena mawuwo chifukwa ndinkafuna nkhosa. Muno alipo angati amene analionadi?"

"Khala pansi, Merv!"

"Sindikhala. Iwe Col, unali pa shifiti tsiku limenelo, ndinakupeza ku geti la mgodi madzulo. Iwe Stavros unali usanabwere n'komwe ku Warrabin."

"Ndinamva kwa anthu odalirika!" anayankha Stavros, ndipo ena angapo anaseka asanakumbukire kuti akwiya.

"Mutuluke nonse awiri ndiye," anatero Terry.

Apo m'pamene alamu anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabuku kachikasu kaja. Anavala magalasi awo enieni, natsegula pa tsamba limene anapinda ngodya.

"Bambo wapampando, ndisanapite. Malamulo awa akugwirabe ntchito?"

"Sanasinthidwepo chiyambire."

"Ndiwerenge lamulo lachisanu ndi chinayi." Anawerenga ndi mawu omwe aja amene ankaitanira makaputeni pakati pa bwalo. "'Mpando umodzi, mbale ndi chakudya zisungidwe kumapeto kwa tebulo za bambo L. Treloar. Tsiku limene adzalimbe mtima kubwera, adzakhala pamenepo n'kufotokoza mlandu wake, ndipo adzabwera Lachisanu lililonse kufikira kalabu yonse itakhutira.' Pansi pake pali dzina la mlembi, T. Costigan, Malichi 1989."

"Zimenezo tinalemba titaledzera!"

"Ndikukhulupirira. Kalembedwe kakuonetsa. Koma munasindikiza, ndipo lamulo lakhumi ndi chiwiri likuti kusintha lamulo kumafuna chidziwitso cha miyezi itatu ndi mavoti a anthu atatu mwa anayi alionse." Anatseka kabukuko. "Sindikupempha kulowa, Terry. Dzanja ndachotsa pa mpira wanu. Mpando ndili nawo kale, munandiyalira nokha. Ndafotokoza. Funso langa ndi limodzi: kalabu yakhutira?"

"Ayi!" chipinda chonse chinayankha pamodzi, mpaka matambula ananjenjemera.

"Ndiye tionana Lachisanu."

Anayenda pang'onopang'ono kuzungulira tebulo, msana uli chilili, kudutsa kumbuyo kwa aliyense amene anamutukwana. Atafika anachotsa magalasi okhuthala aja pambale, nawapinda bwinobwino n'kuwaika pambali. Ndodo yoyera anaiimika pakona, nakolekapo chipewa chawo. Kenaka anakhala pansi.

Darryl anali atagwira mimba, misozi ikutsika. "Terry, wakuimbiranso wezulo! Zaka makumi atatu ndi chimodzi, wakuimbiranso kutatsala mphindi imodzi!" Atapuma anatembenukira kumapeto kwa tebulo. "Koma ndinali mkati, Lindsay. Ndidzafa ndikunena zimenezo."

"Udzafa uli kunja, Darryl."

Terry anatenga kabukuko, nawerenga yekha lamulolo milomo ikugwedezeka, nakaponya pa tebulo. "Chidziwitso ndikupereka lero lomwe," anatero. "Miyezi itatu, mdala. Ukhute."

"Atatu mwa anayi," anamukumbutsa alamu. "Uwerenge bwino. Wa soseji uja voti yake ulibe."

"Yanganso ulibe," anatero Stavros. "Zaka zonsezi alendo athu amangotiuza zimene tikuzidziwa. Uyu ndiye wokangana naye. Bambo Treloar, sabata yamawa ndibwera ndi chithunzi cha m'nyuzipepala, muone manyazi anu."

"Mubwere nacho. Chinajambulidwa kuchokera mbali yolakwika, koma mubwere nacho."

Mayi wotiperekera chakudya analowa ndi mapudini, zotsekemera zomalizira chakudya, naima pakhomo poona munthu pampando umene wakhala akuuyalira zaka zisanu ndi zinayi. Anayang'ana Terry. Terry anayang'ana kudenga. Mayiyo anapita kukaika mbale yoyamba patsogolo pa alamu anga.

Ine ndinanyamula mbale yanga ndi tambula, n'kukokera mpando wanga kumapeto kwa tebulo. Palibe anandiletsa, ngakhale Col ananditcha dzina limene sindingalilembe. Alamu anandisunthira pang'ono osandiyang'ana.

"Soseji ija inali yokoma?" anafunsa motsitsa mawu.

"Inali yosapsa."

Anagwedeza mutu, natenga supuni, nayamba kudya atakhala pansi.