Kambuku Amene Lanzes Sanamuone

Panali chinthu chimodzi chimene Lanzes anali asanauzepo munthu: kambuku wa m'mapiri a chipale chofewa iye anali asanamuonepo. Alendo ankachokera kutali kudzafuna bambo ake, a Namgail, kuti awaonetse nyamayo m'mapiri a ku Ladakh. Koma mwana wawo weniweni, ngakhale mchira wokha, ayi.

M'mawa wina onse anali pachitunda cha kuseri kwa mudzi. Alendo ankanjenjemera m'majekete, makapu a tiyi wa batala ali m'manja. A Namgail anali atawerama pa galasi lawo loonera patali, la miyendo itatu lija, akufufuza phiri la kutsidya mwala ndi mwala.

Koma amene anayankhula anali Yangdol, msuweni wa Lanzes, yemwe anabwera kudzakhala nawo mayi ake atamwalira.

"Malume, mwala wonga chishalo cha hatchi uja. Pansi pake. Wagona."

A Namgail anatembenuza galasi, n'kuwomba m'manja. "Mwana iwe! Masowa unabwereka kwa chiwombankhanga? Usabweze, ndithu."

Alendo anandanda. Aliyense akafika, a Namgail ankanena mawu awo a masiku onse: "Musakhudze kanthu, ndatchera kale." Lanzes anafika pomaliza, manja ali kumbuyo, n'kuika diso. Munali utsi wotuwa basi, ngati phala la balere lomwazika pansalu.

"Wamuona?"

"Ndamuona, Ababa."

Potsika, a Namgail anapatsa Yangdol galasi kuti anyamule, galasi limene ngakhale mayi a Lanzes sankaloledwa kulipukuta.

"Chaka chamawa ndikakulembetsa ku bungwe loteteza nyama zakutchire, udzikhala ndi alendo akoako. Lanzes, iwe tenga mafulasiki."

"Usagwetse, wamva?" anatero Yangdol akuseka. "Amenewo ndiye akambuku ako."

Lanzes anasekako mokakamiza. Ankayenda pambuyo akuyang'ana msana wa Yangdol. Juzi imene anavalayo inali yake ya Lanzes yakale. Pabedi ankagona awiri, pambale ankadya awiri, ndipo Lanzes sanadandaulepo. Kusukulu ankakhoza ndi iye, ankakhala kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi bolodi, Yangdol akusinza kumbuyo. Koma bambo ake sanawombepo m'manja chifukwa cha masamu.

Mudziwo unali ndi pangano. Kale kambuku akalowa m'khola, anthu ankamupha ndi miyala. Tsopano makola anali ndi waya pamwamba, alendo ankagona nyumba ndi nyumba mosinthana, ndipo palibe ankaloledwa kumangirira chiweto kuphiri kuti akope nyamayo. Kambuku akalawa mbuzi amatsata fungo mpaka kumudzi, kenako miyala ija imatoledwanso. Banja lophwanya panganolo linkalandidwa alendo.

Lanzes ankazidziwa zonsezi. Komabe kutacha, anzake atakwera kuchitunda, ananena kuti mutu ukumupweteka. Atapita, anatulutsa mbuzi yokalamba yothyoka nyanga, n'kuikokera kuchigwa cha pansi pa mwala wa chishalo. Sankafuna kuti idyedwe. Ankangofuna kambukuyo abwere pafupi, pafupi kwambiri, amuone ndi maso ake, akafike kunyumba n'kunena kuti, "Ali ndi chipsera pamphuno," Yangdol n'kusowa chonena.

Anaimangirira pachitsamba chaminga, iye n'kubisala kuseri kwa thanthwe. Mbuzi inalira, inaliranso. Dzuwa linakwera koma silinatenthe. Zala zakumapazi zinachita dzanzi. Ankayang'ana phiri mpaka misozi, koma ankangoona zotuwa zokhazokha. Kenako mbuzi inasiya kulira, n'kuima chilili ikunjenjemera.

"Hooo! Choka! Hooo!"

Anali Yangdol, akutsetsereka pachipale, akumenya fulasiki ndi mwala. Pambuyo pake a Namgail ankabwera akupuma mwabefu, timagalasi tawo tating'ono toonera patali tikulendewera pakhosi. Timiyala tinagumuka pamwamba pa Lanzes, kenako zii.

"Iwe, wapenga?" Yangdol anamugwira phewa. "Takuona pagalasi! Alendo onse akuona! Anali atagona pamwamba pakopa, akuyang'ana mbuzi, mchira ukugwedera. Iwe uli phee ngati fano. Umadikira kuti akupatse moni?"

"Pamwamba pati?"

"Apa! Ukufunsa chiyani?"

Lanzes anakwera pathanthwepo. Pachipale panali dzenje lofunda kumene nyama inagona, mapazi aakulu ngati chikhatho chake, ndi mzere umene mchira unakwekwesa. Akanaponya mpango wake ukanafika. Anawerama n'kutola ubweya wotuwa umene unakanirira pamwala.

A Namgail sanakalipe. Anamasula mbuzi pang'onopang'ono, akuisisita pakhosi, n'kukulunga chingwe padzanja.

"Madzulo ano ndikauza akuluakulu a mudzi," anatero. "Ndikapanda kunena ine, anena ndi alendo. Mawa asamukira kwa anansi athu a Rigzin, ndipo kwathu sadzabweranso mpaka nyengo yachisanu ino ithe."

"Malume, mbuzi ili moyo," anatero Yangdol. "Tinganene kuti inasochera."

"Inasochera n'kudzimanga yokha mfundo? Iwe khala chete." Anatembenukira kwa Lanzes. "Kambuku ameneyu ndamuteteza kuyambira ali kamwana. Akanalawa mbuzi lero, mwezi uno sukanatha asanaphedwe. Tandiuza, mwana wanga. Wamuona kambirimbiri. Umafunanso chiyani, kumugwira ndevu?"

Lanzes anayang'ana ubweya uli m'dzanja lake. Akanakonda Yangdol akanakhala kutali, koma anali pomwepo, mu juzi ija, akupumabe mofulumira chifukwa chomuthamangira.

"Sindinamuonepo, Ababa."

"Wati bwanji?"

"Sindinamuonepo. Ngakhale kamodzi. Mukatchera galasi ine ndimangoona utsi. Ndimati ndamuona kuti musakhumudwe." Anafumbata ubweya uja. "Yangdol amaona, inu mumawomba m'manja. Ine ndimanyamula mafulasiki."



 A Namgail analozera Lanzes phiri. "Mbendera zamapemphero zili pamwamba apo, zili ndi mitundu yanji?"

"Pali mbendera?"

Bamboyo anapukusa mutu, ngati munthu amene wapeza kuti chipewa chimene wakhala akufuna chili pamutu pake.

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, Lanzes. Koma inenso ndinachitseka ndi 'musakhudze' wanga uja."

Anavula timagalasi tija n'kumuveka m'khosi. Anatenga chala chake chozizira n'kuchiika pakagudumu ka pakati.

"Ine ndimatchera molingana ndi maso anga. Ako ndi ena. Pota."

Lanzes anapota. Utsi uja unayamba kusonkhana, kenako phiri linabwera lonse mwadzidzidzi: ming'alu, timaudzu touma, mbendera zofiira ndi zachikasu zikuuluka. Anapeza mwala wonga chishalo. Unalidi ngati chishalo. Pansi pake panalibe kanthu, koma mapazi ankaoneka bwinobwino, akukwera pachipale mpaka kukazimiririka kuseri kwa phiri.