Majombo a Fetu

Moira, mayi wa nyumba yoyandikana nawo, analowa osagogoda, atanyamula Fetu paphewa ngati thumba la mbatata. Mwana wake Bridie ankabwera pambuyo akukwekwereza majombo amene Sieni, mayi ake a Fetu, anawazindikira pomwepo. Anali a Fetu.

"Amake Fetu, musachite mantha, koma tengani beseni."

Munthu akayamba ndi mawu amenewo ndiye kuti zavuta. Sieni anavula mwana wake masokosi oundana n'kupeza zala zakumapazi zitatuwa, zitauma gwa ngati kandulo.

Banja lake linali litangotha miyezi inayi m'tauni yozizira ya Naseby kuchokera ku zilumba zotentha za Samoa, ndipo chipale chofewa chinali chachilendo kwa onse. Fetu ndi Bridie, onse a zaka zisanu ndi chimodzi, anakondana Chingerezi cha Fetu chisanakwane mawu khumi. M'mawawo anapita kukatsetsereka pa matumba kuchitunda cha kuseri kwa tchalitchi.

"Jombo yanga inatitimira m'chipale, sitinaipeze," anatero Bridie akusisima. "Iye anandipatsa ake. Amati kwawo anazolowera kuyenda opanda nsapato."

"Ndiye munabwerera pomwepo?" anafunsa Moira.

"Tinasewerako pang'ono."

"Pang'ono pako ndimakudziwa iwe."

Sieni anasowa womukalipira. Iye yemwe ndi amene anaphunzitsa Fetu kuti mnzako akasowa chinthu umam'patsa chako usanapemphedwe. Kwawo mwana wotero amatamandidwa mudzi wonse. Kuno mwana wotero akhoza kuduka zala.

"Zikupweteka, mwanangu?"

"Ayi Mama, zinasiya kalekale," anayankha Fetu monyadira.

Moira anayang'ana kumbali, ndipo Sieni anaona. Anathamangira ketulo yomwe inkawira, koma Moira anam'gwira dzanja.

"Mumuwotcha iye osamva. Madzi ofunda chabe, yesani ndi chigongono. Musam'tikite."

Msewu wakuchipatala unali utatsekeka ndi chipale. Namwino pa foni anati aviike mapaziwo, adikire, mwana akayamba kumva ululu aimbenso. Zoti achite akapanda kumva, sananene.

Anadikira. Sieni ankapemphera chamumtima, maso ali m'beseni. Bridie anagwada pafupi n'kuika dzanja lake m'madzimo.

"Fetu, talira."

"Ine sindilira. Umalira ndiwe."

"Talira, chonde. Ndikupatsa njinga yanga."

Moira anathiramo madzi ena kachitatu. Kenako zala zinayamba kufiira chimodzichimodzi, kuyambira chachikulu. Fetu analuma mlomo, n'kugwira khosi la mayi ake, n'kutulutsa mfuu yomwe inauwitsa galu wa kutsidya kwa msewu.

Sieni anali asanasangalalepo chotere ndi kulira kwa mwana wake. Anawerenga zalazo mokweza m'Chisamoa, koma atafika pa naini anaima. Kachala kakang'ono ka phazi lamanzere kanali kadakali kotuwa.

Moira anaimirira n'kuvala jasi lake.

"Ndikukatenga thirakitala. Mum'kulunge bulangete, tikupita kuchipatala pompano."