Nkhungu ya M'tambula

Apongozi anga aamuna, a Chester Hara, anabwera kwathu ku Mzimba boma mwezi wa Okutobala kuchokera ku Edingeni, akudwala impso. Adokotala ananena mosapsatira: azimwa madzi ambiri, apo ayi agonekedwa m'chipatala, ndipo mwina sakatulukamo ndi miyendo yawo. Mankhwala osavuta chotero! Koma mkulu uja madzi a pampopi anawakana kwamtuwagalu.

"Akununkha chipatala chomene," ankatero akuyang'ana kukhoma, pakuti kuno mkulu sayang'ana mkazi wa mwana wake m'maso. "Madzi otuluka m'chitsulo. Madzi opanda kwawo."

Mwamuna wanga Nicholas anakatunga chigubu kuchitsime cha kumudzi, ndipo apongozi ankamwa amenewo monyinyirika, pang'onopang'ono. Kenako Nicholas anamutuma ku Mzuzu ndi ntchito, chigubu chinauma, ine n'kutsala ndi wodwalayo. Ndine Linily, mphunzitsi, mwana wa a Mbewe a ku Dowa, koma m'nyumba muja ndinali "mkamwana" basi. Ndinkagwada chapatali, kuika tambula pakampando, n'kutuluka. Ndikabwerako ndinkaipeza yodzaza, kantchentche kakusambamo.

Ngati kuti zimenezo zinachepa, madzi anasiya m'tauni monse. Mipopi tinaisiya yotsegula monga timachitira, kuti tidzamve akamabwera. Masana aja anali aatali. Nyenje zinkalira m'mitengo mosalekeza, maluwa a jakaranda ankagwa okha popanda mphepo, ndipo mpopi wa kukhitchini unkangopuma, fuuu, ngati munthu ali mtulo. Nthawi zina ndinkaima pafupi n'kumamvetsera, n'kumaganiza kuti tauni yonse yagona ndipo ikupumira m'mapaipi. Kuchipinda nako kunkamveka kupuma kwina, kouma, kwa apongozi.

Tsiku lina chakumasana mpopi unatsokomola, n'kulavula, madzi n'kubwera. Koma anabwera oyera mbee ngati mkaka. Ndinawatengera choncho m'tambula poti ndinalibe ena. Apongozi anangoiponyera diso.

"Mbwenu lero mwathiramo na ufa?"

Milomo yawo inali itang'ambika, mawu akutuluka mokanda. Mantha anandigwira, ndipo mantha anga sachedwa kusanduka ukali. Ndinadzaza botolo pampopi, n'kuliponya m'chikwama, ulendo ku ofesi ya zamadzi. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndikawafunsa ngati iwo amamwetsa makolo awo laimu. Podutsa pamsika ndinali nditafika kale pa wailesi ndi m'nyuzipepala.

Pakauntala panali mayi wonenepa bwino, wa magalasi, kabaji kake kolembedwa kuti Philomena.

"Yewo mama, tikuthandizeni?"

"Muone nokha zimene mukutimwetsa!" Ndinatulutsa botolo lija n'kulimenyetsa patebulo.

Madzi anali mbuu ayi, mbee ayi. Anali oyera bwinobwino, oti n'kuona zala za munthu kuseri kwake. Anthu a pamzere anasuzumira. Ine ndinasowa poika nkhope.

A Philomena anaseka mpaka kuvula magalasi. "Mama, simuli oyamba. Dzulo wina anabwera na ndowa yonse pamutu. Ni mpweya chabe uwo. Mapaipi akakhala opanda madzi mumalowa mpweya, mbwenu madzi akabwera amasakanikirana nawo. Mukawasiya pang'ono umatuluka wokha."

Ndinafuna kuseka nawo, koma inatuluka ndi misozi. Ndinawauza zonse: impso, chigubu chouma, milomo yong'ambika, ndi mawu aja oti madzi opanda kwawo. Anandimvetsera osandidula, ngakhale mzere unkang'ung'udza.

"Fungo lija ni la mankhwala ophera tizilombo, mukawaika mumtsuko limachepa," anatero. "Koma zoti alibe kwawo, adada awo atilakwira. Madzi awa ni a mumtsinje wa Mzimba, amatsika kumapiri uko. Ife timangowasefa na kuwaperekeza. Kawauzeni. Ndipo tambula musakabise, akaone okha."

Nditafika kunyumba ndinatunga ena, a mbee ngati mkaka monga poyamba. Ndinagwada, n'kuika tambula pakampando pamene dzuwa la pawindo linkagwera. Ulendo uno sindinatuluke. Ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, n'kulankhula ndi chitsekocho.

"Adada, akuti amachokera mumtsinje wa Mzimba. Kumtunda, kumapiri."

Nyenje zinkalirabe panja. Kenako ndinaona kuti asiya kuyang'ana khoma. Pansi pa tambula panali patayamba kuyera ngati galasi. Kuyerako kunkakwera pang'onopang'ono, utsi woyera uja ukunyamuka, timadontho ta mpweya tikuthwanima m'dzuwa. Tonse awiri tinangoti maso dwii, ngati ana.

"Kumtunda," anatero potsiriza, motsitsa. "Ndiko kwawo kwa NyaShaba."

NyaShaba anali akazi awo, amayi a Nicholas, amene anamwalira ine ndisanakwatiwe. Dzina lawo ndinali ndisanalimvepo pakamwa pa mkuluyu.

"Ndinali mnyamata, ndikufuna ng'ombe ya adada yosowa. Mwezi wa Juni, m'mawa, kuzizira chomene. Pamtsinje nkhungu yokhayokha. Ndikumva munthu akutunga, koma kumuona yayi. Mbwenu nkhungu yayamba kunyamuka, kuyambira pansi, ngati umu. Ndinayamba kuona mapazi m'madzi. Kenako chitenje. Kenako manja na chikho." Anameza malovu amene panalibe. "Ndinaima penepapo kudikira nkhope. Ng'ombe ndinaiwala."

M'tambula munatsala kamzere koyera pamwamba penipeni. Tinakadikira. Kanapyapyala, kanang'ambika pakati, kenako kanatha, n'kutsala madzi okhaokha ndi dzuwa.

Anatambasula dzanja. Ananunkhiza, anakwinya mphuno monga mwa masiku onse, ine mtima n'kugwa. Koma anamwa. Ndinkamva madzi akutsika kukhosi, gudyu, gudyu, mpaka tambula inayang'ana kudenga. Ndinalira mwakachetechete, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Tambula sanaibwezere pakampando. Anailozetsa kwa ine, m'manja mwanga.

"NyaMbewe," anatero, koyamba chikwatiwire changa. "Ndapota, katungeniso. Koma mufulumire nayo, ifike nkhungu isanayambe kunyamuka. Ndikufuna ndiyambire kumapazi."