Makapu a pa Misomali

Achimwene atagonekedwa kuchipatala chifukwa cha mwendo, anandipatsa makiyi a bala yawo.

"Uzitsegula masana, dzuwa likalowa uzitseka. Osasuntha kanthu, wamva?"

Ndinavomera, koma nditalowamo ndinagwira pakamwa. Wailesi munalibe, ati imasokoneza macheza. Mipando inali yosiyanasiyana, wina wochotsa m'basi, wina wometerapo tsitsi. Kuseri kwa kauntala khoma lonse linali misomali, msomali uliwonse kapu yake. Makapu ena ong'aluka, ena adzimbiri, ina chogwirira chake chomanga ndi waya. Fumbi lake mukanadzalapo nyemba.

Makasitomala anali omwewo tsiku ndi tsiku: a Telala, a Hedi opuma ntchito, mkulu wina wogontha amene ankamutcha Nduna, ndi anzawo angapo. Munthu akafika ankangoloza msomali wake, ine n'kutsitsa kapu, n'kuthiramo mowa. Akatero ankayamba kukangana za mpira wa zaka makumi atatu zapitazo.

"Chinali chigoli chija!" ankakuwa Nduna.

"Munachiona bwanji inu," ankayankha a Hedi, "muli kuseri kwa mpanda ndi mkazi wa eni?"

Ndinapirira masiku asanu. Lamlungu, bala ili yotseka, ndinabwera ndi sopo ndi madzi otentha. Makapu abwino ndinawakwecha n'kuwandandalika pashelefu. Ong'aluka ndi adzimbiri ndinawaponya m'bini. Misomali ndinazula, khoma n'kulipaka penti yoyera. Ndinapita kunyumba ndikudzitama.

Lolemba a Telala anaima pakhomo osalowa.

"Mayi, anzathu aja mwawapititsa kuti?"

"Anzanu ati? Makapu anu ali apo, oyera mbee. Zinyalala zija ndataya."

Anavula chipewa.

"Kuno munthu akamwalira, kapu yake imakhalabe pamsomali. Tsiku lake likakwana chaka ndi chaka timaitsitsa, timathiramo, tonse n'kumwera momwemo. Yawaya ija inali ya amuna anu. Wayayo anamanga okha. Lachinayi likubwerali ndiye linali tsiku lawo."

Tsikulo sankafunika kundikumbutsa. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikupita kumanda ndekha tsiku limeneli likakwana, ndikudandaula kuti anthu anawaiwala msanga. Ali moyo ndinkawalalatira akachedwa kubalako. Sindinawafunsepo n'kamodzi komwe kuti amacheza zotani.

Ndinathamangira kubini, ine wa mawondo owawa. Galimoto ya zinyalala inali itadutsa m'mawa.

Lolemba limenelo makasitomala anakhala pansi ndithu, koma palibe anadziwa kapu yake. Otsalawo anali achitsulo ofanana, ankawazindikira ndi msomali. Nduna anatembenuza imodzi uku ndi uku, n'kuibweza pashelefu. Za mpira sizinamveke. Mawa lake Nduna sanabwere. Lachinayi ndinatsegula msanga, ndinakhala ndekha mpaka dzuwa kulowa.

Ine si munthu wokhala pansi n'kumalira. Ndinagula misomali, ndinayenda khomo ndi khomo kukapepesa. Kulikonse anandilandira mwaulemu, mpando n'kundipatsa.

"Musadandaule mayi, munkafuna kukonza," anatero a Hedi. "Tibwera."

Sanabwere.

Achimwene anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo. Ndinawauza zonse tili panjira, kuti asakadzidzimuke. Atalowa m'balamo anapita kukhoma kuja, n'kumasisita penti ndi zala, kufunafuna mabowo. Ndinali nditawatseka bwinobwino.

"Wapenta bwino, mchemwali," anatero.

"Ndikalipireni, achimwene. Bola mundikalipire."

"Ndikukalipire kuti abwerere ndani?"

Anatsegula milungu iwiri. Ankabwera a Telala okha, n'kumamwera m'botolo, awiriwo osayankhulana zambiri. Mwezi utatha achimwene anapereka chipindacho kwa mayi wina wogulitsa mafoni. Masiku ano amangokhala pakhonde kwawo, mwendo pampando, kuyang'ana anthu odutsa. Ndimawapitira Loweruka lililonse kukawachapira, ndipo zinthu zawo ndimazisiya pamene ndazipeza.