Mwala wa Hedi

Bambo anga anakana kutenga ndodo, akuti sangakaonekere kwa mlongo wawo ngati nkhalamba. Ndinangowasiya, poti kukangana ndi bambo n'kutaya nthawi.

Chinyumba cha banja la von Tarnekow bambo anakhalamo ali mwana, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha. Eni ake anali atathawira kumadzulo, boma n'kuunjikamo anthu othawa nkhondo. Mlongo wa bambo wamng'ono, Hedi, anafera momwemo ndi matenda a m'mimba. Anamuika kuthengo kuseri kwa nyumbayo, ndipo bambo anazokota okha dzina lake pamwala ndi msomali. Tsopano dokotala anali atawauza kuti mtima watopa, ndiye ankafuna kukaona mandawo asanatsikire kulichete.

Zidzukulu za eni nyumba zinabwerera khoma la Berlin litagwa, n'kukonza zonse. Kunena zoona, ntchito anaigwira. Anatilandira ndi Mayi von Tarnekow eni ake, munthu wansangala. Anativeka zimasilipasi pamwamba pa nsapato kuti tisakande pansi, n'kutizunguliritsa zipinda kutionetsa zithunzi za makolo awo amphuno zazitali. Ine zinandikwana.

"Bambo, funsanitu za manda aja," ndinanong'ona.

"Iwe pakamwa pakopo. Njira ndikuidziwa ine."

Koma panja thengo lija kunalibe, kunali kapinga wometedwa bwino kufika kudziwe. Bambo anazungulira uku ndi uku. Ndinachita mantha kuti agwa.

"Mwasochera, Bambo Kuhnke?" anafunsa mayi aja. "Bwerani muone malo amene alendo amawakonda."

Anatitengera pansi pa mitengo, pamene panali timiyala tondanda, totsukidwa bwino.

"Awa ndi manda a agalu athu. Kwathu galu sititaya kudzala ayi. Uyu ndi Hasso, wa agogo aamuna, ankaluma abusa okhaokha. Miyalayi inali mbwee m'thengo monsemu, tinachita kutolatola n'kuisonkhanitsa pano."

Kumapeto kwa mzerewo kunali mwala wosasema, zilembo zake zokhotakhota. Bambo anaima.

"Aka kokha sitikukadziwa," anatero mayiwo. "Mwina kanali kagalu ka wantchito, onani kalembedweko. Koma tinati nako kakhale ndi anzake."

Mtima wanga unawira, ndinafuna kuwatukwana, koma bambo anandigwira dzanja. Anagwada movutikira n'kusisita zilembozo ndi chala.

"Mwalawu munautola pati, mayi?"

"Ii, ndikumbukanso ngati? Mwina kuja timaimika magalimoto, mwina kumunsi kudziwe. Ponseponse tinasalaza ndi thirakitala. Bwanji, munkakadziwa?"

Bambo anayang'ana kumagalimoto, anayang'ana kudziwe, kenaka kapinga yense uja.

"Ndinkamubereka kumsana," anatero. "Anali atangoyamba kutchula dzina langa."