Mboni ya Kuseri kwa Katani

Jenifer Kamtedza anali kupukuta fumbi pamakina otayipira pamene a Mbalame analowa mu ofesi, nsapato zili mchenga wokhawokha. Anakoleka chipewa pamsomali, m'munsi mwa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, n'kudziponya pampando.

"Paja umalirira ntchito yeniyeni," anatero a Mbalame. "Walira mvula walira matope. Ine andibweza pachipata."

Jenifer ankaphunzira ukalaliki wa zamalamulo ku Blantyre, ndipo sukulu inamutumiza ku Salima kuti adzaione ntchito ndi maso mu ofesi ya loya Yesaya Mbalame, kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsalu, kufupi ndi siteshoni ya sitima. Kunena zoona, moyo unkamukomera. Tiyi anali wamkaka, abwana sankakalipa, chambo chinali chotchipa. Kungoti ntchito yake inali kutayipa, kumata masitampa ndi kuthamangitsa mbuzi pakhonde. Pamene a Mbalame ankapita kuchilumba cha Mbenji kukafunsa asodzi, iye anatsala, poti mkazi saponda pachilumbapo. Zinamuwawa, ndipo sanabise.

Mlandu wake unali wa boti. Msodzi wina wa ku Senga Bay, a Abdallah, anamwalira, ndipo mng'ono wawo Ahmad anakokera botilo padoko lake, ati n'la kumtundu. Asodzi a ku Mbenji sanathandize. Onse ankangoti tinkangoliona likuyandama. Akanathandiza anali mkazi wa malemuwo, mayi Salma. Koma mayiwo anali pa eda, nthawi imene mkazi wachisilamu woferedwa amabindikira m'nyumba osaonana ndi amuna achilendo. A Mbalame ankaimira ana a malemuwo, ndipo mlandu unali Lolemba. Popanda mawu awo, boti lodyetsa ana linali litapita.

"Ku Mbenji kunakukana iwe, nyumba iyi yandikana ine," anatero a Mbalame. "Pita ukatenge mawu awo."

M'mawa mwake Jenifer anakulunga chitenje pamwamba pa siketi yake yaitali, anaonetsa khadi la chipani pokwera basi, mtima ukuvina njira yonse.

Anawapeza mayi Salma atakhala pamkeka, atafunda nsalu yoyera, akusankha timiyala mumpunga limodzi ndi azakhali awo, a Saida. Jenifer anapereka moni wachidule, natulutsa cholembera monga anamuphunzitsira.

"Dzina lanu lonse, mayi? Zaka? Munakwatiwa liti?"

Mayi Salma anangopitiriza kusankha mpunga.

"Kodi mwanangu," anafunsa a Saida osadzutsa mutu, "ndinu akalembera? Kwanuko, nyumba ya maliro mumailowa ndi pensulo kutsogolo?"

Jenifer anachita manyazi mpaka kumapazi. Iye amene anaika bambo ake m'manda ali Fomu 2, angaiwale kupepesa maliro! Anabweza cholembera m'chikwama, nagwada.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndalakwa."

"Zikomo. Ndi qadari, chifuniro cha Mulungu," anayankha mayi Salma. Kenaka anamukankhira lichero. Jenifer anayamba kusankha nawo mpunga.

Dzuwa linakwera. Jenifer atayesa kutchula za khoti, mayiwo anapukusa mutu. "Munthu wa pa eda sakangana, mwana wanga. Amuna anga sanazizire n'komwe m'manda, ndiye ndizilimbana ndi mlamu wanga?"

Apa maganizo oipa anamunong'oneza Jenifer. Nkhaniyo ankaidziwa kuchokera kwa abwana. Akanatha kuilemba yekha, n'kuwapempha mayiwo kuti angodinda chala. Anthu ambiri amadinda osafunsa. Akanabwerera ku ofesi ngati ngwazi. Anayang'ana manja a mayiwo akuyenda pang'onopang'ono mumpunga, ndipo anadziwa kuti chala chimenecho sangachibe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

"Sindikufuna mukangane ndi munthu," anatero. "Ine botilo sindinalionepo. Tangondiuzani, n'lotani?"

Kwa nthawi yoyamba mayi Salma anamwetulira. "Lobiriwira. Lonyada ngati mwini wake. Matabwa ake ndi a m'bawa umene unali m'munda mwa amayi anga ku Lifuwu. Amalume anandipatsa mtengowo nditabereka mwana woyamba. Anaucheka ndi a Jameson, mmisiri uja wa kumsika, ndipo anakhoma botilo pabwalo pomwepa, akudya nsomba zanga. Amuna anga ankandiseka kuti iwo ndi aganyu chabe paboti la mkazi wawo."

Anafotokoza mpaka mpunga unatha mulichero, pena akuseka, pena akupukuta misozi. Atamaliza, Jenifer anafunsa mofatsa ngati angalembe zomwezo, osaonjezera ngakhale liwu.

Mayi Salma anayang'ana azakhali awo.

"Kunena za mtengo wa amayi ako si ndewu," anatero a Saida. "Lembani, akalembera."

Panatsala lumbiro, ndipo lumbiro amachititsa ndi loya yekha. Tsiku lotsatira a Mbalame anabwera ndi chidindo m'thumba la jekete. A Saida anawaimika panja, pansi pa zenera lotchinga ndi katani. Loya wamkulu, wa tayi, anaima padzuwa nkhuku zikutolatola zakudya m'mapazi mwake, thukuta lili kamukamu. Mkatimo Jenifer anawerenga mokweza mawu onse, ndipo mayi Salma, dzanja lili pa Kurani, analumbira kuti ndi oona.

"Jenifer," anaitana a Mbalame, "ine ndikungoona katani. Dzina langa likukhala papepalapo. Amene walumbirayo ndi mayi Salma?"

"Ndi iwowo, bwana."

"Chala adinda okha?"

"Okha, bwana. Ndaona."

Pepala linatuluka pazenera. A Mbalame analitsamiritsa pakhoma, nadinda osafunsanso kanthu. Phokoso la chidindocho linamukomera Jenifer kuposa tiyi yense wamkaka amene anamwa ku Salima.

Lolemba a Jameson anabwera kukhoti atavala malaya a kutchalitchi, nalongosola za m'bawa wa ku Lifuwu thabwa ndi thabwa. Ahmad anakanda m'mutu, n'kuti iye ankangolisunga botilo kuti lisaole. Majisitireti anamuthokoza chifukwa chosunga, namuuza kuti alibweze.

Uthengawo anakapereka ndi Jenifer, poti panalibenso wina mu ofesimo amene akanalowa m'nyumbamo. Anayamba wadzera kudoko, chifukwa ankadziwa chimene akafunsidwe.

"Mwaliona?" anafunsa mayi Salma.

"Ndaliona, mayi. Lobiriwira, lonyada. Utoto wasupuka pang'ono kutsogolo. Asodzi anu akupakira ukonde."

Mayiwo anakweza dzanja kuti Jenifer akhale chete. Kunyanja kunkamveka mainjini angapo, ndipo pakati pawo ina inatsokomola kawiri isanalire bwino.

"Ilo," anatero mayi Salma, maso ali chitsinzinire. Anakhala akumvetsera mpaka phokosolo linazimiririka, kenaka anamukankhira Jenifer lichero.