Tsiku Limene a Kassimu Anadzandira

Ku Tanga dzuwa likafika paliwombo, mizikiti imaitana molandizana. Mwantumu ankaiopa nthawi imeneyo. Munthu amene analowa m'malo mwa malemu amuna ake akangoyamba kuitana pa chimkuzamawu, iye ankamva mawu enanso kumbuyo kwake, pakhomo la khitchini, olemera ngati a munthu wotupa lilime: "Tumu, ndipatse." Akacheuka ankangoona nsalu yotchinga pakhomo ikugwedezeka yokha.

A Kassimu, amuna akewo, anaitanira anthu ku mapemphero kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka imvi mbuu. Mowa sanaulawepo. Koma mukanafunsa aliyense pamsewu wawo, akanakuuzani kuti anafa ataledzera. Anthu kuipa kukamwa! Anawaona tsiku lomalizalo akuchokera kumzikiti akudzandira, thukuta kamukamu, akutukwana wanjinga amene anafuna kuwagwiriza, iwo amene sankakalipira ngakhale mphaka. Pofika madzulo nkhani inali itapsa kale: ati ankamwa uchema mobisa kuseri kwa doko, ati matenda a shuga amene ankadwalawo chinali chophimbira chabe. Kumaliro anthu anabwera, inde, koma ankapemphera maso ali kumbali. Ngakhale a Mwinyihaji, akulu awo a malemuwo, anasiya kutchula dzina la mng'ono wawo.

Chimenechi ndicho chinkamudya Mwantumu. Imfa anailandira, poti ndi njira ya tonse. Koma dzina la amuna ake kugona m'matope, ayi.

Miyezi yake yobindikira paumasiye itatha, anabwerera ku ntchito yake yophika kashata, timaswiti ta kokonati ndi shuga timene ankagulitsa pakhonde. M'mawa wina kunabwera nesi wa kuchipatala chachikulu, mayi wamfupi wa kumapiri, dzina lake Eliaichi. Anati ali pa kafukufuku wa anthu obaya jakisoni wa shuga, makamaka za nthawi imene shuga amatsika kwambiri m'magazi, ndipo akuyendera mabanja amene anataya munthu wotere mwadzidzidzi.

"Kutsika?" anatero Mwantumu. "Inu anesi, matendawa si okwera shuga?"

"Ndi okwera, mayi. Koma jakisoni akapeza m'mimba mulibe kanthu, amamugwetsa kupitirira. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amadzandira, mawu osamveka, ena mpaka ndewu. Ukamuona umati waledzera."

Mwantumu anagwira mzati wa khonde. Mumtima munayaka chimwemwe chimene anali atachiiwala.

"Musapitirire," anatero. "Mawu amenewa asathere m'makutu mwanga ndekha. Mubwere mawa. Ndikaitana alamu anga."

Mawa lake a Mwinyihaji anabwera mokokedwa, ndodo ili m'manja, nkhope ili gwa. Anakhala pamkeka chammbali, nakana tiyi.

"Mlamu, mwandiitanira chiyani? Wakufa tamuika. Mukufuna timufukule?"

"Mungomva, alamu. Makutu salipiritsa."

Nesi anafotokozanso zonse, pang'onopang'ono. Anafunsa ngati a Kassimu anabaya jakisoni m'mawa umenewo. Mwantumu anati anabaya, anawaona ndi maso ake. Nanga anadya? Ayi, linali Lolemba, ndipo Lolemba ankakonda kusala mwa kufuna kwawo. Nesi anagwedeza mutu.

"Sindinawapime, ndiye sindingalumbire," anatero. "Koma zimene mukunenazi ndazimva m'nyumba zambiri. Wina anatsekeredwa ndi apolisi ngati chidakwa. Amuna anu aja, ine ndikuona kuti sanali oledzera. Anali kufa akuyenda."

Ndodo ya a Mwinyihaji inagwa pansi. Mkulu uja anaphimba nkhope ndi kofia yake nalira ngati mwana, mapewa akugwedezeka.

"Kassimu, mwana wa mayi anga! Ine kukuchitira manyazi, ine! Ndinkadutsa manda ako ngati sindikuwaona."

Mwantumu naye analira, koma yake inali misozi yopepuka. Anaona ngati mtolo umene anausenza miyezi yonseyi wautula. Akanadziwa, bwenzi atamuperekeza nesiyo pomwepo.

Koma nesi anali ndi funso lina. "Atafika pakhomo pano, analawa kanthu kalikonse? Kapena kupempha?"

Asanatsegule pakamwa Mwantumu, a Mwinyihaji anayankha, akupukuta maso, mawu odzaza ndi kunyadira.

"Apo pokha, anesi, mlamu wangayu musamukayikire. Mkazi uyu ndi mlonda! Chiyambire matendawo, m'kamwa mwa Kassimu simunalowe shuga ngakhale kambewu kamodzi. Nyumba yodzaza maswiti, koma iye tiyi wowawa basi. Tsiku lomwelo, anandiuza yekha mlamuyu, Kassimu anafikira pa thireyi n'kutola kashata. Uyu anamulanda! Anachita kumutambasula zala chimodzichimodzi. Akazi ena akanangomusiya."

Nesi anayang'ana pamkeka, nayamba kusalaza ndi chala pamene panali posalala kale.

Chete ameneyo Mwantumu anamumva m'mafupa. Zonse zinabwerera zili zowala ngati masana aja: amuna ake atatsamira khomo la khitchini, malaya ali chonyowa, maso akuyang'ana mopyola iye. "Tumu, ndipatse." Iye kuwakalipira mwachikondi, "Mukufuna kudzipha, bambo inu? Shuga wakwera kale, taonani mmene mukuchitiramu!" Zala zawo zinali zozizira, koma zinagwira kashata uja ndi mphamvu imene sanaidziwepo. Anawagoneka pabedi, nawafunditsa, natseka chitseko kuti apume. Anabwerera kukapala kokonati, akuyimba.

"Anesi," anatero, mawu ake ali phee. "Mankhwala ake a kutsikako ndi chiyani?"

"Mayi, palibe amene anakuuzani. Ndi chifukwa chake tikuchita kafukufukuyu. Kuchipatala timalalikira za kukwera kokhakokha, za kutsika timangodutsapo. Cholakwa chili kwa ife."

"Sindinafunse za wolakwa. Musandikulungire m'masamba ngati mkate. Mankhwala ake ndi chiyani?"

Nesi anakweza maso. Anali mayi woona mtima, ndipo kuona mtimako kunamuwawa.

"Shuga," anatero. "Wa pa sipuni, uchi, madzi otsekemera, chilichonse, munthu akadali wotha kumeza. Kenako chakudya, kenako kuchipatala."

"Kashata?"

"Ngakhale kashata."

"Akanadzuka?"

"Sindingadziwe za iwo. Koma ambiri amadzuka."

Mawu a Mwinyihaji oyamikira aja anali akadali m'chipindamo, ndipo panalibe njira yowabwezera m'kamwa. Mwantumu anayang'ana manja ake. Anali manja omwewo amene anawasambitsa a Kassimu akadwala, owaphikira tiyi wowawa zaka zonsezi. Anachita nawo mantha ngati ndi a munthu wina.

Apo n'kuti dzuwa litakwera. Chimkuzamawu cha kumzikiti chinakhosomola, kuitana kunayamba. Mwantumu sanacheuke. Ankadziwa amene waima pakhomo la khitchini, ndipo tsopano ankadziwanso chimene ankapempha. Miyezi yonseyi ankaganiza kuti amuna ake akubwerera kudzadandaula za dzina lawo.

Nesi anatsanzika mwakachetechete, nalonjeza kudzabweranso. A Mwinyihaji anatola ndodo yawo, naima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana kumsewu, kumene amuna ovala mikanjo yoyera anali kupita kukapemphera.

"Mlamu," anatero potsiriza, mofatsa kuposa kale lonse. "Ndikupita kumzikiti. Ndikaimirira pamaso pa onse, ndikanena kuti mng'ono wanga sanamwe, anagwa ndi matenda. Zokwanira. Zinazi zitsale m'nyumba muno. Inu ndi ine, ndi Mulungu."

Mwantumu anafuna kuvomera. Ha, anafunitsitsa! Ankawadziwa anthu a pamsewu wake. Pakamwa pomwe panapha dzina la amuna ake panali pokonzeka kudya lake, ndipo mkazi wamasiye alibe womuikira kumbuyo. Adzati anapha mwamuna ndi manja ake. Adzasiya kugula kashata wake, adzakokera ana awo kutali akamadutsa.

Koma anakumbukira Bi Zuhura, mayi wa kuseri kwa nyumba yake, amene amuna ake anayamba jakisoni chaka chatha. Anakumbukira mkazi wa telala wa pakona. Onsewo anabwera kwa iye kudzafunsa kasamalidwe ka wodwala shuga, poti iye ndiye anali chitsanzo, ndipo iye anawaphunzitsa ndi mtima wonse.

"Ayi, alamu. Mukanene zonse."

"Mlamu, akudyani wamoyo."

"Andidye. Mukanene kuti anapempha, ine ndinawalanda." Kenako anapitiriza. "Pamsewu uno pali akazi amene amakhoma shuga ndi loko. Ndinawaphunzitsa ndine. Ndinawauza kuti ngakhale wodwala alire bwanji, musamupatse."